Anzanga a ku Mzuni, ma screenshot akwana

Chimandiwawa ndikaona wophunzira foni itadzaza ma screenshot, tsamba lililonse la nkhani ya pa intaneti analijambula palokha. Mayeso akayandikira amasakasaka pakati pa zithunzi za ukwati ndi za mpira, osadziwa kuti gawo lachitatu lili pati. Wina amangobwerera pa tsamba lomwelo tsiku ndi tsiku, bandulo n'kumathera pa zotsatsa malonda zomwe sanazifune n'komwe.

Njira ilipo, ndipo ndi yaulere. Pa kompyuta ikani WebToEpub, ka pulogalamu kowonjezera kotchedwa plugin, mu Chrome kapena Firefox. Mukatsegula tsamba lomwe lili ndi mndandanda wa mitu, ka plugin kameneka kamatola mitu yonseyo motsatana n'kupanga fayilo imodzi ya EPUB, yomwe ndi buku lowerengera pa foni kapena pa kompyuta. Kenako itseguleni mu Calibre, pulogalamu imene Kovid Goyal anaiyamba mu 2006. Mmenemo mumalemba bwino mutu ndi dzina la mlembi, mumaika chikuto, ndipo mutha kuisintha kuti iwerengeke pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku. Pa foni, pulogalamu ya ReadEra imaitsegula popanda intaneti.

Ena mukuti PDF ndi yokwanira. Pa ka foni kakang'ono, PDF imafuna kukoka ndi zala, uku ndi uku, mzere uliwonse, mpaka maso kuwawa. Mu EPUB mawu amadzikonza okha malinga ndi sikirini. Mukakulitsa zilembo mizere imatsatira, mutha kusaka liwu, ndipo mawa mumayambira pomwe munalekezera. Magetsi akazima usiku ku Luwinga kapena ku Chibavi, netiweki ikavuta, buku lanu lilipobe.

Ife a Mzuzu tikukumbukira Disembala 2015, pamene laibulale ya Mzuni inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Amene tinaona zimenezo sitiyenera kumataya zowerenga chifukwa choti tsamba lafufutidwa.

Koma apa ndinene mosapsatira: kusunga kuti muwerenge nokha n'kosiyana ndi kuchotsa dzina la mlembi n'kumagulitsa fayiloyo pa WhatsApp. Kumeneko ndi kuba, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi oimba, lilipo chifukwa cha zoterezi. Olemba athu amavutika kale.

Chovuta n'chakuti Chrome ya pa foni silola ma plugin, ndiye njira yosavuta ndi kompyuta. Mmodzi wa laputopu m'kalasi akapeza Wi-Fi atha kukonzera onse zolemba zololedwa kugawa, monga za pa Wikisource, webusaiti ya zolemba zaulere, enawo n'kulandira pa Bluetooth.