Hatchi si njinga yamoto, anyamata inu

Zimene ndaona Loweruka lapitali pa mpikisano wina wa mahatchi oyenda mtunda wautali kuno ku Free State zandiwawa mpaka lero. Mnyamata wabwera ndi hatchi yanthete, yoti sinagonepo kunja kwa khola lake, n'kuilembetsa makilomita 80. Atangoti yambani, iye uyo patsogolo penipeni, kukalimbana ndi mahatchi amene akhala akudutsa njira zimenezi zaka ndi zaka. Pofika koyamba kwa dokotala wa ziweto amene amayeza mahatchi m'kati mwa mpikisano, kugunda kwa mtima wa hatchi kukukana kutsika, miyendo yakumbuyo ili gwa, mkodzo uli bii. Dzuwa limalowa hatchi ili pa dripu, mwiniwake ali pa foni, ati madokotala ndi okondera.

Okondera? Zoti mtima uzigunda osapitirira ka 64 pa mphindi musanaloledwe kupitiriza mwazimva lero? Kutsina khungu la pakhosi kuti muone ngati madzi atha m'thupi nakonso kumafuna sukulu? Kuika khutu pamimba n'kumva kuti muli zii, osachita mantha?

Chikukupusitsani n'choti hatchi yaing'ono imachedwa kupuma wefuwefu. Mtima ndi minofu zimazolowera msanga, inde, koma mitsempha ya m'miyendo ndi mafupa zimafuna zaka. Mudzaidula mtsempha, ndipo ikadzayamba kutsimphina ndi pomwepo basi. Ngakhale ikhale ya mtundu wa Arab, wodziwika ndi kupirira mtunda wautali, magazi okhawo sangaiyendere mtunda.

Nanga enanu, kuikweza m'galimoto koyamba usiku wa mpikisano womwewo! Chishalo chatsopano, chongochoka m'sitolo, pamsana pa hatchi tsiku lonse, madzulo muzidabwa zilonda. Simunaiphunzitse kumwa madzi achilendo, ndiye ikufika pa chomwera n'kungonunkhiza, inu n'kumati ilibe ludzu. Ikuponda anthu pamzere wa dokotala chifukwa palibe mlendo adaigwirapo pakamwa. Imamenya mateche, koma kansalu kofiira kochenjeza anthu kumchira osamanga, mukufuna muthyole bondo la mwana wa yani?

Aliyense pakamwa ndi Fauresmith, Fauresmith, mpikisano waukulu wa mahatchi wa kuno ku Free State. Makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu, m'chisanu cha Julaye chija, mumayesa amene amamaliza adayambira pomwepo? Adayamba ndi 30 kapena 40, kumbuyo kwa gulu, mwakachetechete, ena kutsika n'kumaikoka pokwera chitunda.

Ndipo inu abale anga a ku Malawi amene mukusamalira mahatchi m'makola a kuno ku Joni, inunso musazembe. Ndinu mumaidyetsa, ndinu mumagwira mwendo m'mawa n'kumva kuti watentha. Mukudziwa bwino kuti sinakhwime, koma bwana akati ikwere mumangoti "yes boss" n'kuthamangira ndowa ndi siponji. Ntchito n'njovuta kupeza, ndikudziwa, koma pakamwa mudasiya ku Beitbridge kodi?

Ngati mukufuna liwiro kaguleni njinga yamoto, hatchiyo muisiye ikule. Zamanyazi!