Inu abambo ndi apongozi, lekani kuchedwetsa amayi oyembekezera

Ndikulankhula ndi inu abambo, inu apongozi ndi inu eni mbumba, chifukwa zimene mumachita mayi akayamba kumva zowawa zikutithera ana athu aakazi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2023 amayi pafupifupi 260,000 anamwalira padziko lonse chifukwa cha mimba ndi kubereka, ndipo 70 mwa 100 alionse anali a kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Ulaya mayi akafa pobereka anthu amadabwa. Kwathu timangoti Mulungu watenga, n'kupita kukakumba manda. Inde, ku Malawi kuno zasinthako: kafukufuku wa 2004 anapeza amayi 984 akufa pa ana 100,000 obadwa amoyo, pomwe wa 2015-16 anapeza 439. Koma amene akuvutikabe ndi mayi wakumudzi, amene chipatala chachikulu cha m'boma chili kutali, msewu ndi matope okhaokha m'dzinja, ndipo kachipatala kapafupi sikachita opaleshoni.

Ndiye inu, podziwa mtunda umenewu, mumatani? Mumadikira malume abwere adzalole kuti mayi apite kuchipatala. Ena mumamumwetsa mwanamphepo kuti achire msanga, osadziwa kuti mankhwala amenewa amalimbitsa zowawa mopyola muyeso mpaka chiberekero kung'ambika. Choipitsitsa n'chakuti mwana akachedwa kubadwa mumamukhazika mtsikana pansi kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Manyazi mulibe? Mwana wakhala mopingasa kapena njira yachepa, inu muli kalikiliki ndi milandu! Mayi amene akutaya magazi kwambiri atabereka akhoza kutisiya m'maola awiri okha, ndipo maola amenewo mumawathera pakhonde kukambirana.

Inu abambo, ndalama ya kabaza kapena galimoto muyambe kusunga mimba ikangodziwika, osati kuyendayenda usiku kukongola kwa anzanu. Muperekezeni mkazi wanu ku sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe, mukamve nokha zimene anamwino akunena. Akatupa nkhope ndi manja, mutu ukamupweteka kwambiri, akayamba kuona zachizimezime kapena magazi akaoneka, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Ngati kwanu n'kutali, mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana apite kuchidikiro, ndipo inu apongozi mumutengere ufa, nkhuni ndi ndiwo, ana otsala pakhomo muwasamale ndinu.