Mwana wa Chiyao sakuphwanya Chichewa

Kuno ku Mangochi, kaya ndi pamsika wa paboma, ku Namwera kapena ku Makanjira, si zachilendo kumva munthu akusekedwa chifukwa wanena "sikomo" m'malo mwa "zikomo", ndipo osekawo amaweruza msanga kuti mnzawoyo ndi wosaphunzira. Maganizo anga ndi akuti osekawo sadziwa mmene chiyankhulo chimagwirira ntchito.

Chiyankhulo chilichonse chimakhala ndi maliwu akeake, osati onse amene pakamwa pa munthu pangatulutse. Chiyao chilibe liwu la z, choncho lilime lozolowera Chiyao limatenga liwu loyandikana nalo, lomwe ndi s. Mchewa naye amachita zomwezo akamabwereka mawu a Chingerezi, pakuti m'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo laliwu, n'chifukwa chake timati sukulu, buledi ndi sitolo, ndipo palibe amene amatiseka.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi chakuti malamulo amenewa amakhazikika m'mutu mwa mwana asanaone bolodi. Mwana wa zaka zinayi amanena kuti "chimanga changa chauma" komanso "nsomba zanga zauma" popanda kusokoneza, chonsecho sanamvepo za magulu a mayina kapena agwirizanitsi. Akatswiri a ziyankhulo ntchito yawo ndi kufufuza ndi kufotokoza malamulo amene oyankhula amawatsata mosadziwa, osati kulamula anthu kayankhulidwe. Galamala ya m'buku inabwera pambuyo, monganso kulemba kumene. Makolo athu ankaweruza milandu ndi kuyala nthano m'ziyankhulo zokwana bwino amishoni asanayambe kuzilemba m'zaka za m'ma 1800.

Ndiponso Chichewa ndi Chiyao n'zapachibale, zonse za m'banja la ziyankhulo za Bantu. Pamene ife timati munthu ndi anthu, Ayao amati mundu ndi ŵandu, ndipo Aswahili amati mtu ndi watu. Kusiyana kotereku kumatsata ndondomeko yake, ndipo n'kumene kumathandiza akatswiri kuzindikira kuti ziyankhulozi zinachokera ku kholo limodzi.

Ulemu umene Chichewa chili nawo unabwera ndi ndale, pamene chipani cha Malawi Congress chinachisankha mu 1968 kukhala chiyankhulo cha fuko, ziyankhulo zina n'kuchotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Sindikutsutsa kufunika kwa chiyankhulo chotigwirizanitsa, ndipo inenso ndikulemba m'Chichewa chomwecho, koma chisankho cha pamsonkhano sichisandutsa Chiyao kukhala chiyankhulo choperewera.

Mwana wa ku Katuli amene amayankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pabwalo la sukulu, Chingerezi m'kalasi, n'kumakaphunziranso Chiarabu ku madrasa madzulo, akusenza ntchito imene ambiri mwa omusekawo sanaiyesepo. Aphunzitsi a Sitandade 1 akamamva "sikomo", amuonetse mwanayo kusiyana kwa maliwu awiriwo modekha, ndipo aletse anzake kumuseka.