Masika m'kalasi yoyamba: zomwe ndaona ku Mchinji ndi ku Chipata

Chimanga chikauma m'munda, cha kumapeto kwa Epulo, ndimawoloka pa Mwami kukathandiza achemwali anga kukolola. Iwo anakwatiwa mbali ya Chipata, ine ndimakhala ku Mchinji, ndipo pakati pathu palibe ngakhale makilomita 40. Chaka chino ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna, wa Sitandade 1. Msuweni wake kumeneko ali mu Giredi 1. Madzulo ena awiriwa anayala makope awo pamphasa, ndipo sipanatenge nthawi mkangano unabuka. Wanga analemba "chimanga", mnzakeyo analemba "cimanga". Aliyense ankalumbira kuti aphunzitsi ake sangalakwitse, mpaka achemwali anawaweruza: "Nonse mwakhoza, kwanu amaika h, kuno saika." Chilankhulo n'chimodzi, chakudya n'chimodzi, koma kalembedwe kanagawidwa ndi malire.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri sichinali chilembo chimenecho ayi, koma mmene makope awo ankaonekera mkati. La mwana wanga linali lodzaza ndi maphatikizo, ma me mi mo mu, mizere yambirimbiri, ina yokhota ngati njira ya nyerere. La msuweni wake linali ndi malembo ochepa, koma m'thumba mwake munali ng'ombe yadongo, magalasi a mapesi ndi mtolo wa timitengo 10 tomangidwa ndi luzi.

Kusiyanaku kwina kukuchokera pa kalendala. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala n'kutha mu Julayi. Ku Zambia chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Choncho masika amamupeza mwana wa ku Chipata ali chiyambire sukulu, dzanja lake likuphunzira kumene kugwira pensulo, pomwe wa ku Mchinji amamupeza m'teremu yachitatu, aphunzitsi akuthamangira kumaliza buku mayeso asanafike. Ndipo masika ndiyo nyengo imene mudzi umapatsa kalasi zipangizo zaulere: zitsononkho, mapesi, makoko a chimanga, nthanga za maungu, makoko a mtedza, dongo la kudambo lomwe silinaume. Mphunzitsi wa ku Zambia amazilandira pa nthawi imene akuzifunitsitsa. Wathu amazilandira atatopa kale, maso ali pa malipoti. Mwana wa ku Malawi amayamba sukulu m'chilimwe, kunja kuli fumbi, mapesi atadyedwa ndi ng'ombe kapena atatenthedwa posaka mbewa.

Sindikunena kuti kalendala ya anzathuwo ilibe vuto. Mwana wa Giredi 1 amayamba sukulu mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, m'nkhokwe mutatha chakudya. Achemwali amati masabata oyamba mwana wawo anajomba kangapo chifukwa cha kamtsinje kamodzi kokha. Wanga poyamba sukulu ankayenda pouma, ndipo miyezi ya njala inamupeza atazolowera kale belu ndi kapu yake ya phala. Phala la kusukulu, lomwe bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka kuno mu 2002, lasunga ana ambiri m'kalasi mu Januwale ndi Febuluwale. Palinso nkhani ya zaka: ife timalembetsa mwana ali ndi zaka 6, iwo kwa nthawi yaitali ankalembetsa ali ndi 7. Chaka chimodzi pa msinkhu umenewu si chaching'ono, chimaonekera pa zala.

Pa kuwerenga, dziko lathu lili ndi chonyadira. Kuyambira mu 2016 sukulu za boma zimatsata National Reading Programme, ndipo phunziro limayenda mwadongosolo: mwana amve liwu, alitchule, aone lembo, aphatikize, kenako awerenge mawu. Mphunzitsi amayamba yekha, kenako amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha. Chichewa chimalola njira imeneyi bwino kwambiri, chifukwa mawu amalembedwa mmene amamvekera. Mwana akadziwa a e i o u ndi malembo ena ochepa, "amama" ndi "mutu" amawerenga yekha popanda womuuza. Ndinaona nkhope ya mwana wanga tsiku limene anawerenga yekha chikwangwani cha pachigayo, ndipo sindidzaiwala.

Vuto lathu ndi kuchuluka kwa ana. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana oposa 1 miliyoni anakhamukira kusukulu chaka chimodzi, ndipo makalasi a m'munsi sanapumepo mpaka lero. M'kalasi ya mwana wanga ndinawerenga ndekha mitu yoposa 100, onse pansi, Madamu mmodzi. Akati "tichitire limodzi", kalasi yonse imayankha mofuula, ndipo mwana amene sakudziwa amangotsegula pakamwa kutsatira anzake. Buku likupita patsogolo tsiku ndi tsiku, iye watsala pa tsamba la mwezi wa Novembala. Zambia nayo yalawa zomwezi chichotsereni fizi mpaka Giredi 12 mu 2022, ngakhale boma la Hakainde Hichilema linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Koma iwo ali ndi chinthu chimene ndimasirira, pulogalamu ya Catch Up, yomwe inayamba mu 2016. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amawayesa mmodzimmodzi n'kuwaika m'magulu potengera zimene akudziwa, osati kalasi imene ali. Wosadziwa malembo amakhala ndi anzake osadziwa malembo, n'kumalemba pansi ndi choko kapena kamtengo, popanda manyazi. Kwathu mwana wotsalira nthawi zambiri amangobwereza kalasi, n'kukamva phunziro lomwelo pa liwiro lomwelo.

Nkhani ya chilankhulo chophunzitsira imandipweteka mbali zonse ziwiri. Zambia mu 2014 inalamula kuti Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'madera, zomwe zilipo 7, ndipo Cinyanja chinapatsidwa chigawo cha Kum'mawa ndi cha Lusaka. Chaka chomwecho Malawi ankalengeza zosiyana, kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1, ngakhale aliyense amene analowapo m'kalasi ya kumudzi akudziwa kuti Madamu amaphunzitsabe m'Chichewa, apo ayi palibe angamve. Tsopano maphunziro atsopano a ku Zambia, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2025, abwezeretsa Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira pansi. Ndikumvetsa nkhawa ya makolo, chifukwa mayeso ndi ntchito zili m'Chingerezi, ndipo mwana wa Chinsenga kapena Chitumbuka sapeza Cinyanja cha m'buku kukhala chake kwenikweni. Koma mwana wa ku Chipata, Katete kapena Chadiza anali ndi mwayi womva masamu m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo ndikuopa kuti autaya. Ngakhale Mozambique, komwe Chipwitikizi ndicho mwini bwalo, inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete kuyambira mu 1993, itaona kuti ana akungokhala duu m'kalasi.

Masamu ndi amene amaonetsa bwino zimene ndikunena. Ana onse awiri amawerenga manambala m'Chingerezi mpaka 20 osapunthwa. Ndinatenga zitsononkho n'kuuza mwana wanga kuti andipatse 7. Anayamba kuimba manambala mwaliwiro, dzanja likutsalira m'mbuyo, n'kundipatsa 5. Msuweni wake anagwira chimodzichimodzi, anaika zisanu pambali, kenako ziwiri, n'kunena kuti, "Izi amalume." Anachita ndendende mmene chilankhulo chathu chimanenera: zisanu ndi ziwiri. M'mawu amenewa kuwonkhetsa kuli kale mkati. Mwana amene wamva kuti 8 ndi zisanu ndi zitatu waphunzira samu asanaone chizindikiro chake pabolodi. Mtsikanayu amaseweranso phada, yemwe kumeneko amati chiyato, ndipo amadziwa ndi maso okha kuti m'dzenje mwatsala miyala itatu.

Apa ndi pamene ndimaona kuti phunziro la luso timalipeputsa molakwa. Kwathu limatchedwa Expressive Arts, ndipo ku Zambia zojambula ndi zoumba za ana aang'ono zakhala zikuphunzitsidwa mu Creative and Technology Studies. Pa ndandanda ya maphunziro lilipo mbali zonse, koma nthawi ikachepa ndilo loyamba kudyedwa, kaya ndi kusesa pabwalo kaya kumaliza masamu. Komatu mwana amene wasenda phesi ndi zikhadabo, n'kupinda timizere take kupanga magalasi, waphunzitsa zala zake kupinda o ndi b. Amene waumba ng'ombe wawerenga miyendo inayi ndi nyanga ziwiri, ndipo wayerekeza kutalika kwake kuti iime. Aphunzitsi athu amaidziwa bwino nzeru imeneyi. Ku makoleji awo ndi ku Malawi Institute of Education ku Domasi amaitcha TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Nzeruyo ilipo, chimasowa ndi malo ndi manja: zitsononkho za ana 100 uzisunga kuti m'kalasi yopanda chitseko, momwe mbuzi zimagona usiku?

Kalendala sindingaisinthe, koma nditabwerako ndinapita kukaonana ndi Madamu a mwana wanga. Ndinawafotokozera za zitsononkho 7 zija, ndipo sanadabwe. Anati, "Bambo, ana amene amaimba manambala osawadziwa ndili nawo ambiri. Mukandipezera posungira, zipangizo ndizigwiritsa ntchito." Tinagwirizana ndi makolo ena anayi kuti aliyense asunge thumba limodzi la zitsononkho ndi mtolo wa mapesi kunyumba kwake, pamwamba poti chiswe chisafike, kuti ana oyamba Sitandade 1 mu Seputembala adzazipeze. Langa ndalipachika kudenga la khitchini, ndipo mwana wanga ndiye akumanga timitengo m'mitolo ya 10, akugwira kamodzikamodzi monga anaonera kwa msuweni wake.