Chenjezo kwa inu amene mukulalikira pa foni muli ku China

Ana anga amene muli ku China, kaya munapitira sukulu kaya mumakaoda katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu, pamodzi ndi inu abusa amene mumawatsanzika ndi mapemphero kuno kumudzi, tcherani khutu. Pali khalidwe lina limene lafala pakati panu, ndipo ndilinena mosapsatira mawu.

Mwana wathu wapeza mnzake wa ku China m'kalasi, wamuuza za Yesu, mnzakeyo wakhulupirira. Mpaka apo tonse tikuti aleluya. Koma usiku womwewo wayatsa VPN, pulogalamu yozembera kutsekedwa kwa masamba a pa intaneti, waponya chithunzi pa Facebook, nkhope ya mnzakeyo ili poyera, dzina walemba, yunivesite watchula, pansi pake n'kuwonjezera kuti "lembani Amen". Ena afika poponya kanema wa ubatizo wochitikira m'bafa la nyumba ya eni ake. Ma Amen akamachuluka mtima wanu uli mbee. Kodi mwini nkhopeyo munamufunsa? Mukudziwa chimene chingamugwere iye ndi makolo ake?

Mumaganiza kuti poti Facebook ndi WhatsApp n'zotsekedwa ku China, ndiye kuti akuluakulu a kumeneko saziona. Zimenezo n'zachibwana. Chimene mwaika poyera chili poyera kwa aliyense. Za WeChat, pulogalamu yotumizirana mauthenga ya ku China, ndiye musachite kunena: akaunti imamangika ku nambala ya foni, nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, yanu ndi pasipoti yanu. Mukatsegula gulu la mapemphero n'kumalowetsamo anthu osawapempha, mwalembera apolisi kaundula ndi dzanja lanu.

Malamulo ake si obisika. Kuyambira pa 1 Malichi 2022, aliyense wofalitsa nkhani za chipembedzo pa intaneti ku China ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, ndipo mlendo kapena bungwe lakunja silipatsidwa chilolezocho. Kuulutsa mapemphero kapena ubatizo pa intaneti n'koletsedwa. Pa 1 Meyi 2025 anakhwimitsanso malamulo a alendo: mungathe kupemphera nokhanokha pa malo ovomerezeka, koma kutembenuza nzika za dzikolo ndi mlandu. Sindikuti malamulowa ndi abwino, ayi, ndi oipa. Ndikuti alipo, ndipo amaluma.

Mverani za Chen Yu. Bamboyu ankagulitsa mabuku achikhristu pa intaneti m'chigawo cha Zhejiang. Mu 2020 khoti linamugamula zaka 7 m'ndende. Koma chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: nkhani sinathere pa iye yekha. Apolisi anatenga mndandanda wa anthu amene anagula mabukuwo n'kuyamba kuwatsata m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo, kuwafunsa mafunso ndi kuwalanda mabukuwo. Munthu anangogula buku ali m'nyumba mwake, patapita nthawi n'kumva kugogoda pakhomo. Umo ndi mmene intaneti imagwirira ntchito kumeneko. Siiwala, ndipo dzina limodzi limakoka mayina ena. Foni yanu ikagwidwa pa bwalo la ndege kapena pa polisi, onse amene muli nawo m'menemo agwidwa nayo limodzi.

Mbusa Wang Yi wa mpingo wa Early Rain ku Chengdu anamangidwa mu Disembala 2018 pamodzi ndi akhristu ake oposa 100, ndipo chaka chotsatira anagamulidwa zaka 9. Mpingo wa Zion ku Beijing unatsekedwa mu 2018 utakana kuika makamera a boma m'kachisi. Unasamutsira mapemphero ake ambiri pa intaneti, ndipo mu Okutobala 2025 mbusa wake Jin Mingri anatengedwa pamodzi ndi atsogoleri ena, mlandu wake wokhudza kugwiritsa ntchito intaneti komweko. Awa ndi akuluakulu odziwa dziko lawo, amene anasankha okha kusenza mtandawo maso ali gwa. Mtsikana wa m'kalasi mwanu amene wakhulupirira mwezi wathawu sanasankhe zimenezo. Mwamusankhira ndinu, osamuuza.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu zikavuta kwambiri adzakulandani visa, sukulu ithera pomwepo, adzakukwezani ndege, mudzatera ku Lilongwe, ndipo Lamulungu lotsatira mudzaima kutsogolo kwa mpingo kuchitira umboni za mmene munazunzikira chifukwa cha Ambuye. Anthu adzaomba m'manja. Mnzanu uja alibe ndege yokwera. Atsala komweko ndi dzina lodetsedwa ku sukulu, ntchito ya boma itamutsekekera, apolisi akufika kwa makolo ake.

Inu abusa a kuno, mlanduwu ukukukhudzaninso. Ndinu amene mumaumiriza ana kuti "tumiza zithunzi tione zipatso", n'kuziika pa chinsalu m'tchalitchi pa tsiku la zopereka za utumiki, mapemphero ake akuulutsidwa pa Facebook dziko lonse likuona. Ena mumajambula nkhope zonse za pa msonkhano wa Zoom, mayina ali m'munsi mwa nkhope iliyonse, n'kumagawa m'magulu a WhatsApp amene simudziwa n'komwe kuti muli ndani. Ngati mpingo wanu sungapereke ndalama popanda kuona nkhope ya munthu amene angamangidwe chifukwa cha chithunzicho, vuto lili mu mpingo wanuwo.

Wina anena kuti ine agogo anu ndachita mantha, Uthenga suyenera kubisidwa. Paulo sanali wamantha, koma ku Damasiko abale anamutsitsa pa linga usiku ali mu dengu, ndipo palibe amene anaitana mzinda kuti udzaonerere. Ngati mukufuna kuika moyo wanu pachiswe, ndi wanu. Wa mnzanu si wanu.

Komanso musadzione ngati Uthenga wafika ku China ndi foni yanu. Akhristu a kumeneko ndi mamiliyoni, ndipo akhala akupemphera m'nyengo zowawa kuposa ino. Ku Nanjing kuli fakitale ya Amity imene yasindikiza Mabaibulo oposa 200 miliyoni. Ngakhale kugulitsa Baibulo pa intaneti kunaletsedwa mu 2018, limapezekabe m'matchalitchi olembetsedwa ku boma. Mnzanu akafuna Baibulo, muuzeni pakamwa kumene angalipeze, osati kumutumizira mafayilo pa WeChat. Abale a kumeneko akakuuzani kuti foni izimitsidwe kapena itsale kunyumba, mverani, osati kubisa ina m'thumba. Ndipo zithunzi zimene munaponya kale zija, pitani mukazifufute lero, muuzenso abusa anu achotse kanema wa Lamulungu lija.