Kadzidzi wa ku Mtendere

Mwezi watha kadzidzi analira padenga la nyumba imene ndimachita lendi kuno ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka. Pomwe kunkacha n'kuti alandilodi atawaza kale mchere kuzungulira bwalo lonse, pemphero lili pakamwa. Patatha masabata atatu, bambo wina wa mumpanda mwathu anamwalira kuchipatala. Shuga anadwala zaka zambiri, tonse tinkadziwa. Koma pamaliro nkhani inali imodzi: "Paja kadzidzi uja analira."

Ine ndimagona mochedwa, ndiye ndikuuzeni: mbalame imeneyi imalira kawirikawiri. Kuseri kwa mpanda kuli dzala, padzalapo pali makoswe, ndipo ndiwo amene imadzera. Masiku onse amene inalira n'kucha tonse tili bwino, palibe anawawerenga. Mutu wa munthu umasunga tsiku limene zinthu zinagwirizana, enawo umataya. N'chimodzimodzi kuyabwa kwa chikhatho. Tsiku limene chinayabwa wina n'kukutumizirani ya Airtel Money simuiwala, koma limene chinayabwa chifukwa cha sopo wochapira, aa, limenelo kulibe.

Ndipo si ife tokha. M'chaka cha 1948, B.F. Skinner, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anatsekera nkhunda zanjala m'mabokosi momwe chakudya chinkabwera chokha pa masekondi 15 aliwonse. Nkhunda ina inayamba kuzungulirazungulira, ina kugwedeza mutu, iliyonse kubwereza chimene inkachita pomwe chakudya chinatulukira. Musaiseke nkhundayo ngati muli ndi jezi imene mumavala Chipolopolo, timu yathu ya mpira ya Zambia, ikamasewera chifukwa ndi imene munavala mu 2012 tikutenga chikho ku Libreville.

Komatu ndikanena kuti nkhani yonse ndi kuwerenga molakwika ndinama. Pali china chozama. Mngelezi wina, Evans-Pritchard, anakhala pakati pa Aazande ku Sudan, ndipo mu 1937 analemba za nkhokwe imene imagwera anthu okhala pamthunzi pake. Aazande ankadziwa bwino kuti mizati yadyedwa ndi chiswe, sanali opusa. Funso lawo linali lina: yagweranji lero, nthawi yomweyi, mwana wanga atakhala pansi pake? Dokotala adzakuuzani kuti ndi shuga, ndi BP, ndi malungo. Koma "bwanji ine?" sayankha, ndipo mtima wa namfedwa sulandira mawu oti zangochitika. Mawu amenewo ndi ozizira. Sing'anga akaombeza, amakupatsa chifukwa, dzina la wokuchita, ndi chochita mawa m'mawa. Munthu amene manja ake anali lende amapezako pogwira.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana nazo. Mchere wa alandilodi sunapwetekepo munthu. Koma yankho likakhala ndi dzina, dzinalo silikhala la munthu wamphamvu. Limagwera agogo osauka amene ayamba kuiwalaiwala n'kumapezeka panja usiku, mkazi wamasiye amene abale akusirira nyumba yake, kapena mlendo. Mukukumbukira Epulo 2016, mitembo itapezeka yodulidwa ziwalo mbali za makomboni a Zingalume ndi George muno mu Lusaka? Mphekesera inaloza anthu a ku Rwanda, mashopu awo anaphwanyidwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Mu 2020 nkhani yoti pali anthu opopera gasi m'nyumba za anzawo usiku inayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Tinkagona ndi zibonga, ndipo anthu ongodutsa m'komboni yosakhala yawo anaphedwa ndi gulu. Mantha anali enieni, koma amene anawalipira ambiri sanalakwe kanthu. Ambiri sitidziwanso kuti lamulo la ufiti la mu 1914, limene likugwirabe ntchito muno m'Zambia, limaletsanso kuloza mnzako chala kuti ndi mfiti.

Pamaliro aja ndinamva amayi awiri akunong'onezana za agogo ena a nyumba yakumapeto, akuti sanalire mokwanira. Ndinawafunsa kuti kodi misozi timayeza ndi chiyani. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Dzulo usiku kadzidzi waliranso. M'mawa alandilodi anandipeza pampopi: "Mwanawe, wamumva?" Ndinati, "Ndi makoswe aja, amama." Koma nditangolowa m'nyumba ndinaimbira foni amayi ku Katete, kuwafunsa kuti adzuka bwanji.