Zikho 27 za Yankees zatikwana

Mukangoyamba kucheza za baseball ndi wochemerera New York Yankees, mphindi siitha asanatchule nambala 27. Inde, timuyi yatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, ka 27, palibe akutsutsa. Koma chikho chomaliza chinabwera mu 2009. Mwana wobadwa chaka chimenecho pano akumera ndevu, zomwe timu yomweyi inkaletsa osewera ake mpaka 2025, ngati kuti lumo ndi limene limamenya mpira.

Afunseni za masewero achisanu a World Series ya 2024, muone akuyamba kutsokomola. Yankees inali patsogolo 5-0. Mu inning (chigawo cha masewero) yachisanu osewera ake anayamba kulakwitsa: Aaron Judge anagwetsa mpira wodzibweretsa wokha m'manja, Anthony Volpe anaponya wogwera pansi ku base (malo amene womenya mpira amathamangirako) yachitatu, Gerrit Cole n'kungoima chilili osathamangira ku base yoyamba. Los Angeles Dodgers inabweza ma run (zigoli) asanu onse, inapambana 7-6, chikho n'kupita.

Dzulo lake ochemerera awiri pa Yankee Stadium anagwira mkono wa Mookie Betts, wosewera wa Dodgers, n'kumutsomphola mpira m'gulovu. Akuti kuthandiza timu kumeneko! Woyimbira anagamula kuti Gleyber Torres, wosewera wawo yemwe amene anamenya mpirawo, watuluka, iwo n'kupirikitsidwa m'bwalo inning yoyamba yomweyo.